Bayoloje ndinailoweza ndi nyimbo, koma m'mayeso salola kwaya

Aphungu,

Musandiseke, ndadziseka kale ndekha mokwanira. Ndine mayi wa zaka 33, ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Nkhata Bay. Sukulu ndinalekezera Fomu 3 nditatenga pathupi, ndipo zaka ziwiri zapitazo ndinabwerera ku sukulu ya masana. Mayeso a Fomu 4 atsala masabata asanu ndi awiri.

Chandipweteka ndi kuchenjera kwanga komwe. Ine ndimayambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi a Umanyano kutchalitchi kwathu, ndipo nyimbo ndikaimva kawiri basi yakhazikika. Koma notsi za Bayoloje zimangodutsa ngati madzi m'dengu. Ndiye ndinati bwanji osazipeka nyimbo? Ndinapekadi. Kagayidwe ka chakudya kali ndi ndime zisanu ndi kolasi yake. Za mtima ndi mitsempha ndinaziika m'chuni cha pamaliro. Ndimaimba poyala zovala, ndimaimba poanika chinangwa, mpaka amayi ogulitsa usipa pafupi nane anayamba kuvomereza za kapamba. Ndinkadziona ngati pulofesa, ine ndemwe.

Kenako anabwera mayeso oyeserera. Funso loyamba linangofuna ntchito ya ndulu. Ndulutu, Aphungu, ili m'ndime yachinayi! Kuti ndikaipeze ndinayambira kukamwa, kutsika kummero, kudutsa kolasi katatu. Ndinkayesa ndikuimbira mumtima, osadziwa kuti mawu akutulukira m'mphuno, phazi nalo likuomba pansi. Tiana ta m'kalasi tinafa nalo phwete. Oyang'anira mayeso, a Davis, omwe amagula malaya pabenchi langa, anawerama n'kunong'ona kuti, "Ama, kuno si kukwaya." Funso lachiwiri linali la chithunzi, nyimbo yake ndinalibe. Ndinapeza malikisi 23.

Manyazi okha ndikanapirira. Koma mwana wanga Tryphena, wa zaka 15, ali Fomu 2, ndipo mtima wake uli pa msodzi wina wa ku Mwaya amene akumulonjeza banja. Mwanayu akuti sukulu n'kutaya nthawi. Tsiku lina titakangana, pakamwa panga pothamangapa panati, "Ndikalephera ine, nawe usiye. Ndikakhoza, umalize." Anavomera msangamsanga. Atamva za 23 uja anangomwetulira. Ndili ndi mantha, Aphungu. Ndiwerenge bwanji kuti mwanayu asandipulumuke?

M.K.,
Nkhata Bay

Mayi M.K.,

Pepani, ndaseka ndithu. Koma mutu wanu ulibe vuto, munthu wopanda nzeru sangapeke ndime zisanu za matumbo. Mwangoloweza mndandanda, pamene mayeso amadumphadumpha, satsata ndime.

Choncho iduleni nyimboyo. Ng'ambani katoni, kachidutswa kalikonse mulembepo funso limodzi, muike m'chikwama chanu cha pamsika. Makasitomala akatha, tolani kamodzi osasankha, muyankhe moyankhula wamba, opanda chuni. Amayi a usipa aja asamangovomereza. Afotokozereni m'Chitonga chimene ndulu imachita, iwo akufunseni mafunso. Pamene mwakakamira, mpamene simunamvetse, bwererani m'buku pomwepo. Mukatero lembani yankholo m'Chingerezi, poti wochonga adzafuna chimenecho.

Zithunzi muzijambula buku lili chitsekere. Pemphani aphunzitsi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo kawiri pa sabata mukhale pampando, wotchi patsogolo, kukamwa kotseka, mapazi phee, mpaka nthawi ithe. Musathere mphamvu zonse pa Bayoloje. Chingerezi chikagwa, satifiketi palibe. Kukwaya pemphani tchuthi cha masiku a pakati pa sabata, amayi anzanu amvetsa. Ndipo muzigona mokwanira, mutu wotopa susunga kanthu.

Tsopano chenjezo langa, ndipo apa sindikuseka. Pangano lija munalakwitsa. Sukulu ya mwana sabetcherana. Mwasenza katundu amene angakusokonezeni m'mayeso, komanso mwamupatsa Tryphena khomo lotulukira. Lamulo silola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo msodziyo akamve zimenezi kwa amalume a mwanayo kapena kwa akulu a mpingo sabata yomwe ino. Akachita makani, pitani nayo nkhaniyi kwa aphunzitsi aakulu ndi kupolisi.

Lero lomwe mukhazikeni pansi Tryphena, mumuuze kuti mawu aja mwabweza, ndipo kaya mukhoze kaya mulephere, iye sukulu amaliza. Adzakunenani kuti ndinu abodza. Vomerani, adzakwiya masiku angapo basi. Inu mukagwa mutha kulembanso chaka chamawa, koma iye akalowa m'banja kubwerako n'kovuta. Musadikire kuti zotsatira zituluke. Mmene zililimu, mwana wanu akupempherera kuti mayi ake alephere.

Aphungu