Mphepo ya Chipinda Nambala 5

Lolemba, 10 Juni

Madigiri 44. Ndakwera padenga 5:10, ndatsika 8:30 simenti itayamba kuotcha mawondo. Zipinda za lendi 6, makuula 6, makina a padenga oziziritsa mpweya ndi madzi. Onse akuzungulira, madzi akudontha bwino pa timatiresi ta udzu.

Potsika anandiimitsa a Doña Hermelinda, atelala a mu nambala 5. Akuti, "Don Crisóforo, ine ndikupsa ngati nyemba mumphika. Mwana wanga ku Guaymas akuti ndizipita, kunyanja kuli mphepo. Ndikangopereka diresi la ukwatili pa 22, ndilongedza."

Ndinangoti, "Ndiona, mayi." Akhala pano zaka 2 ndi miyezi 7. Chaka chatha sanadandaule. Kwatsala masiku 12.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndasintha timatiresi tonse titatu ta kuula ya nambala 5. Takaleto tinauma gwa ndi mchere wa m'madzi. Mapaipi ndawatsuka ndi viniga, malita 2.

Mbandakucha padenga pamakoma. Mapiri amakhala ofiirira, kenako amayera ngati achapidwa. Njiwa pa waya, ndinawerenga 17. Ndikagunditsa khutu pa chitsulo cha kuula ndimamva makina awo osokera pansipo. Amasoka, n'kusiya, n'kuimba pang'ono, n'kusokanso. Ndinakhalitsa, sipanala ili m'manja osamanga kanthu.

Lachitatu, 12 Juni

46. Akuti palibe chasintha.

Lachisanu, 14 Juni

Pampu yatsopano. Lamba wa fani watsopano. Mphepo ikutsika yozizira, ndaimva ndi dzanja langa. Nanga ikuthera kuti?

Fausto wa mu nambala 2, uja amayendetsa lole ya mphesa, anaima pansi pa makwerero akutafuna totiya, kamkate kopyapyala ka chimanga. Akuti, "Achimwene, kuula yanga inalira mwezi wathunthu, inu zii. Ya atelala yangotsokomola, mwasamukira padenga. Ndikubweretsereni bedi?"

Ndinati ndi ntchito basi.

"Eya, ntchito. Malaya ositawo ndi a pampu?"

Malayawo ndinasitadi.

Lamulungu, 16 Juni

47. Masana m'tauni yathu ya Caborca monse muli phee, ngakhale agalu. Msewu kutaliko ukunyezimira ngati athirapo madzi.

Ndinagona pansi pa simenti n'kulota. Nyanja inali itabwera yokha kuchokera ku Guaymas, yadutsa m'minda ya mphesa, yafika pa geti lathu mwakachetechete ngati mlendo waulemu. Matanki a padenga akuyandama. Nyumba yonse ikuyenda pang'onopang'ono, zovala pa chingwe zikukupiza. A Hermelinda ali pakhonde akusoka thovu la mafunde. Palibe amene amafunika kupita kulikonse.

Ndinadzuka malaya atanyowa. 3:40.

Lachiwiri, 18 Juni

A Hermelinda andipatsa zipatso zitatu za pitaya pa mbale, zofiira mkati. Chitseko anatsegula pang'ono, dzanja lokha, n'kutseka msanga. Akuti fumbi.

Koma pamene anatsegulapo mphepo inandiwomba kumaso mwamphamvu, yofunda, yachinyezi, ngati inali kudikira pakhomopo. Ndadya pitaya ndikuganiza zimenezi. Chilowereni iwo m'chipindamo sindinapondemo. Mayi wokhala yekha, ine ndimathera pakhomo. Zonse ndimakonzera padenga.

Masiku 4.

Lachitatu, 19 Juni

Ndinafika pachitseko chawo kawiri, 9:00 ndi 11:15. Sindinagogode.

Lachinayi, 20 Juni

Ndagogoda. Ndinavula chipewa, ndinati, "Pepani mayi, mundilole ndione mkatimo. Chitseko chikhale chotsegula."

Akuti, "Chotsegula? Lowani msanga mutseke, bambo inu, ndilibe mano oluma."

Mkati ngati m'bafa. Galasi lachita nkhungu. Mawindo onse awiri otseka, m'mipata monse atsekamo tinsanza, pamwamba pake tepi. Ngakhale kunsi kwa chitseko kuli thaulo. Pakati pa chipinda diresi loyera lapachikidwa pa hang'ala, lalitali, timikanda tosawerengeka. Ndinayesa kuwerenga ta pa dzanja limodzi, ndinasokonezeka pa 60.

Ndinafunsa kuti anamata liti. Akuti pa 28 Meyi, tsiku limene nsaluyo inabwera. Tsiku lomwelo kutentha kunayamba.

Ndinawauza pang'onopang'ono kuti kuula imakankhira mphepo mkati, ndiye mphepoyo imafuna potulukira. Ikasowa, imangoima n'kusanduka thukuta.

"Nanga fumbi likadetsa diresili, mukalivala ndinu kutchalitchi?"

Ndinati fumbi silingalowe pomwe mphepo ikutuluka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, singano ili pakamwa. Kenako anachotsa okha tepi.

Ndinatsegula windo la kumpoto zala zinayi. Tinadikira. Patapita mphindi ngati ziwiri, m'munsi mwa diresi munayamba kugwedezeka, kenako manja ake, ngati mwalowa munthu wosaoneka amene akufuna kuvina. Tsitsi la a Hermelinda la pachipumi nalonso.

Akuti, "Mayo ine. Masabata atatu ndikudziphika ndekha. Ndipo inu pampu, lamba, chiyani! Bwanji osangolowa?"

Ndinati sindinaitanidwe.

Anaseka mpaka kukhala pansi.

Lachisanu, 21 Juni

45 panja. Mu nambala 5, madigiri 29. Ndapaka laimu denga la nambala 3, ndowa imodzi ndi theka. Za Guaymas sananene kanthu. Inenso sindinafunse.

Loweruka, 22 Juni

Mkwatibwi anabwera 10:20 ndi amayi ake. Diresi linatuluka litakulungidwa mu nsalu ya pabedi, analinyamula anthu awiri ngati wodwala. Ine ndinali kusesa pabwalo pomwe ndinasesa kale.

Galimoto itapita, bwalo linakhala duu. Nyenje zokha.

Kenako mawu: "Don Crisóforo, muli ndi tepi yoyezera?"

Atelala kufunsa tepi kwa ine. Ndinabwera nayo. Akufuna kusoka katani ya windo la kumpoto, yopyapyala yoti mphepo izidutsa. Muyeso ndimaudziwa pamtima, 120 ndi 90, koma ndinayezabe. Iwo anagwira nsonga inayo.

Akuti, "Muyeze bwino. Nsalu ndigula yolimba, dzuwa la kuno limadya. Ndikufuna ifike chilimwe chamawa."

Ndinayezanso kachiwiri. Maso sanali pa tepi, ndinapeza 121.