Muwanga wa Amayi

Komboni ya ku Tengwe,
Karoi,
9 Malichi 2025.

Okondedwa achemwali anga Esinati,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dedza. Kuno tadzuka, ana akupita kusukulu, ndipo mvula yagwa bwino kuposa chaka chatha. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa malonda a nsalu amene akwere basi yodzera ku Nyamapanda Lachiwiri. Mudabwa kuti ndalemberanji papepala foni ilipo. Pa 16 Febuluwale munandipempha chithunzi cha mtengo wa Amayi, ine ndinati foni yafa. Foni sinafe, achemwali, ndinanama. Koma mundilole ndiyambire poyambira, chifukwa ndikayamba ndi kumapeto zinazo simuwerenga.

Amayi a Ndowa mukuwakumbukira. Tinayamba inu musanachoke, mu Disembala 2008, nthawi ya kolera, titaona amuna athu akungoima patali atagwira mphuno. Tinali 22, lero tatsala 17. Dzinalo anthu anatipatsa potiseka, poti tinkayenda ndi ndowa za madzi owiritsa khomo ndi khomo, m'komboni muno ngakhalenso kwa anthu a maploti amene anagawiridwa famu ino. Sitinkafunsa kuti uyu ndi Mshona kapena ndi wakwathu, wotsegula m'mimba alibe mtundu. Chaka chatha cha njala tinaphika phala masiku 131, ana 86 tsiku lililonse, ndipo 40 mwa iwo anali ana a anthu omwewo amene amatitchula kuti mabhurandaya, anthu opanda mudzi. Ndewu za pamjigo timaleretsa ndife. Mayi Adélia, amene makolo awo anachokera ku Tete aja, akadali apampando, ndipo pakamwa pawo sipanakalambe. Ine ndikadali wosunga kope la maliro, lachikuto chakuda lija, momwe ndimalembamo tsiku, dzina, ndi mtengo umene munthu wagona pansi pake. Muli anthu 143, kuphatikizapo akale amene ndinachita kufunsa kwa akuluakulu.

Nkhani yonse ili kumanda kumeneko. Mukudziwa kuti makolo athu sankamanga ziliza, ankati timangirenji pa nthaka ya eni, chaka chamawa tibwerera kumudzi. Ankaika munthu pansi pa mtengo, mtengowo n'kukhala dzina lake. Ndipo kumanda sitidula ngakhale kamtengo kotsukira mano. Tsopano mabalani a fodya adya nkhalango yonse ya kuno, mukadzabwera simudzapazindikira, pangotsala mbee mpaka kumapiri. Mitengo yoima inatsala malo amodzi okha, kumanda kwathu.

Lolemba pa 27 Januwale a Godknows, mwini ploti ya kumtsinje, amuna awo a Mai Tafadzwa, anatiuza kuti nkhuni zawathera fodya ali m'balani, ndipo malinga ndi pepala lawo la malo nkhalango ija ili m'malire mwawo. Tinapita kunyumba kwawo amayi asanu ndi mmodzi, titavala bwino, n'kukhala pansi mwaulemu.

"Makuva acho ari papi?" anatero, kutifunsa kuti manda akewo ali pati. "Simenti sindikuiona, mtanda sindikuuona. Ine ndikuona nkhuni."

"Baba Tafadzwa," anatero Mayi Adélia, "mukadzafa inu tidzakuthirani simenti matumba khumi kuti musadzukenso. Athu ndi anthu aulemu, amagona okha popanda chowapsinja."

"Inu kwanu ndi ku Malawi ndi ku Mozambiki. Mafupa anu akwezeni basi."

"Ine ndinabadwira kuseri kwa balani mukuwotcheramo fodyayo, inu musanadziwe kuti Tengwe ili mbali iti."

A Godknows anaseka, natiuza kuti tiyi watha. Kuyambira pa 28 Januwale tinagawana masiku, amayi awiri tsiku lililonse kukhala pa njira yolowera kumanda kuchokera 6 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Masiku 14 sipanadutse nkhwangwa.

Kenako kunabwera otithandiza. Pa 5 Febuluwale inaima galimoto yoyera, kutsika mtsikana wa ku Harare dzina lake Sisi Rudo, wa bungwe lina la dzina lalitali lachingerezi. Anatiombera m'manja, nati ndife amayi omanga mtendere, kungoti tikufunika kuphunzitsidwa kamangidwe kake. Zaka 16 tikuchapa zofunda za odwala, achemwali, lero kubwera mwana wa zikhadabo zopenta kudzatiphunzitsa. Ndinangoyang'ana pansi. Koma anati abwana ake amadziwana ndi akuluakulu a boma, tinaganiza kuti mwina mawu a munthu wa galimoto amveka pomwe athu akanika. Tinavomera kupita ku Karoi masiku atatu, pa 11, 12 ndi 13, ife asanu amene timatha kuyankhula pagulu.

Ndikuuzeni zomwe tinaphunzira. Tsiku loyamba foni zathu anazisonkhanitsa m'dengu kuti timvetsere bwino, kenako tinaponyerana mpira, aliyense akaugwira atchule nyama imene akufuna atakhala. Mayi Adélia anati iwo akufuna atakhala nkhuku ya masana ija, kuti mwina aone m'kati mwa khitchini. Tsiku lachiwiri anatipatsa mapepala akuluakulu nati tijambule mtengo, mizu yake ikhale zoyambitsa mkangano, thunthu likhale mkanganowo, masamba akhale zotsatira zake.

"Sisi," anatero Mayi Adélia, "ife mitengo tili nayo yeniyeni, ndipo pali munthu akunola nkhwangwa. Tikwere galimoto yanuyo tikamuone."

"Zimenezo n'za tsiku lachitatu, gogo," anayankha akumwetulira.

Tsiku lachitatu nthawi inathera pogawa masikipa ndi kujambulitsa. Sindibisa, ine ndinasangalala. Ndinasamba madzi otentha otuluka m'khoma, ndinadya nkhuku kasanu, ndinagona ndekha pa bedi lopanda mwana wondiponda. Mtengo wanga anati ndi umene unajambulidwa bwino kuposa yonse, anaupachika kutsogolo, anthu n'kuombera m'manja, ine n'kumva kukoma.

Tinabwerera Lachisanu m'mawa pa 14. Tinapeza amayi awiri a tsikulo atakhala pa njira paja, monga tinapanganira, akulira. Njira anailondera bwino, sipanadutse munthu. Odulawo analowera kumbuyo, mbali ya kumtsinje, kopanda njira. Zimenezi palibe mmodzi mwa ife 17 amene anaziganiza. M'mutu mwathu manda ali ndi khomo limodzi, lomwe maliro amalowera, ndani angabowole kumbuyo ngati galu? Masiku atatu amayi ankamva makina akulira m'katimo, mitengo ikugwa, koma kumanda salowa popanda maliro, ndiye anangokhala pomwepo. Masana ankatiimbira, foni zili m'dengu. Pofika madzulo mayunitsi atha. Anathamangira kukaitana amuna a m'komboni, n'kupeza kuti amunawo ndi amene ali m'katimo pa maricho, ganyu wake ameneyo. Amuna athu omwewa, amene Lamulungu amavala jekete n'kumatsogolera nyimbo.

Mayi Adélia anamvetsera zonsezi, sikipa ya ku Karoi ili m'manja. Anaiponya pansi.

"Mukuti kumanda salowa popanda maliro? Chabwino. Lero kuli maliro. Aliyense akavale za mpingo wake."

Pofika 10 koloko tinalowa tonse 17 tikuimba nyimbo ya maliro. Amuna aja atationa anataya zingwe n'kuthawira kumtsinje komwe anadzera. Ndinawerenga zitsa, zinali 19. Mitengo ina 31 inali itapakidwa penti yofiira, kudikira tsiku lake. Ndinatsegula kope n'kuyamba kuwerenga mokweza, mtengo ndi mtengo, tsiku ndi dzina, amayi akuvomera ndi nyimbo. Mawu anga mukuwadziwa kuchepa kwake, koma m'katimo munali zii, ankamveka.

A Godknows anafika akukalipa kuti tikuwawonongera ntchito ndipo aitana apolisi. Pambuyo pawo panafika Mai Tafadzwa atanyamula mbale ya ufa. Iwo anangomva nyimbo ali kumunda, anayesa kwagwadi maliro, nabwera ndi chipepeso monga achitira mnansi. "Ndiani afa?" ankafunsa, wamwalira ndani.

Apa ndikuuzeni chimene ndinachita, ndipo ndinachita dala. Ndinalumpha masamba anayi a kope. Ndinapita pa msuku wa nthambi ziwiri, umene unali ndi penti yofiira, n'kuwerenga kuti, "21 Disembala 2008. Mwana wamkazi, masiku 11, wopanda dzina. Mayi ake Mai Tafadzwa."

Khanda lotere limaikidwa ndi amayi okha, kwawo ndi kwathu chimodzimodzi, amuna sapita. Nthawi imeneyo Mai Tafadzwa anali gone ndi kolera, abale awo ankaopa kulowa m'nyumba, ndiye tinakasambitsa ndife, ine ndinakanyamula. Atachira ndinawauza malo ake, anandipempha kuti nkhaniyo isadzatchulidwenso, ndipo ndinalonjeza. Amuna awo zaka 16 zonsezi sanafunsepo kuti mwana anamuika kuti.

Mai Tafadzwa anaika mbale pansi, nakakhala patsinde pa msuku uja, msana atatsamira penti.

"Temai, Baba Tafadzwa," anatero. "Dulani. Muyambe ndi ine."

Bamboyo anavula chipewa. "Sindinkadziwa," anatero.

"Za mwana wanu simunkadziwa," anatero Mayi Adélia. "Za athu 142 tinakuuzani pa 27 Januwale, munati tiyi watha."

Kuyambira tsiku limenelo sipanagwenso mtengo. A Godknows nkhuni akukagula kutali, ndipo akudandaula kwa aliyense ngati tawabera ndife. Kamwanako sindikada, ndinakakulunga m'nsalu yanga. Koma ndaphunzira kulemera kwathu, achemwali. Anthu 142 amene anabzala, kupalira ndi kuwotcha fodya wa famu ino mpaka mapapo kutha sanafike pa kulemera kwa khanda limodzi la mwini pepala. Mai Tafadzwa sandipatsanso moni, ndipo sindiwaimba mlandu, lonjezo ndinaswa ndine.

Pa 20 Febuluwale galimoto yoyera inabweranso. Sisi Rudo anaimika a Godknows ndi Mayi Adélia kuti agwirane chanza, anajambula kasanu ndi kawiri poti Mayi Adélia sankamwetulira. Anatiwerengera zomwe walembera abwana ake, kuti chifukwa cha maphunziro a ku Karoi amayi a ku Tengwe athetsa mkangano tsiku limodzi lokha. Anapempha kujambula kope langa tsamba ndi tsamba. Ndinati lanyowa. Limenelinso ndi bodza, koma silindivutitsa.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikupazungulira. Pa zitsa 19 zija, chachisanu ndi chimodzi kuchokera kumtsinje ndi muwanga wa Amayi. Muwanga umayaka nthawi yaitali, ndiye anausankha msanga. Unagwa Lachitatu pa 12 Febuluwale cha m'ma 11 koloko, nthawi imene ine ndinali kupaka masamba obiriwira papepala. Nthawiyi ndikuidziwa chifukwa anandiuza ndi alamu anu a Lucas, amuna anga, amene analipo. Akuti iwo sanadule, anangokweza m'ngolo, ndipo akuti sanauzindikire. Munthu amene anakumba nawo manda amenewo pa 8 Juni 2011, n'kupachika jekete lake pa nthambi yake. Ndimawaphikira, ndimawachapira, koma sindinawayang'ane kumaso mpaka lero. Nkhunizo zinathera m'balani yachiwiri. Fodya wake ndi amene ndakhala ndikusankha sabata ino pa maricho, chifukwa ana ayenera kudya, ndipo akuti watuluka wokongola.

Ndinkafuna kukabzala kamtengo pambali pa chitsacho mvula isanathe. Mayi Adélia akuti maliro abodza aja anali a kamodzi, tikabwereza tidzaitana enieni, ndipo amayi onse agwirizana nawo. Kamuwanga ndakapeza, kali m'chitini kuseri kwa nyumba, ndikukathirira m'mawa uliwonse. Sindingalowe nako mpaka wina m'komboni muno atamwalira. Mulungu andikhululukire, achemwali, ndikamva munthu akutsokomola kwambiri ndimatchera khutu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, wamng'onoyo mumuuze kuti azakhali ake ku Zimbabwe akumukumbukira. Moni wapadera kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa Amayi. Ndikudziwa kuti amafunsa za mkulu wawo nthawi zonse. Kalatayi musawawerengere yonse, mtima wawo ndi wofooka. Akafunsa mungowauza kuti Amayi ali pomwe tinawasiya, palibe anawasuntha. Zoti ali padzuwa zikhale za ine ndi inu.

Ndine mng'ono wanu,
Dorika.