Wotchi Yanu Ikuliranso, Bambo

Zaka zinayi zakwana lero chichokereni inu, Bambo. Tawerenga bwino, poti ndinu munatiphunzitsa kuti chinthu chofunika sachiyerekeza ndi maso, amachiwerenga. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija munkadana nacho, mutavala chovala choyera cha kuntchito, magalasi ali pansonga ya mphuno, kumbuyo kuli mashelefu a mankhwala. Munkati mukuoneka ngati mukukalipira wojambula. Tachisankha dala, chifukwa lero nkhope yokalipayo ndi imene tikuifuna.

Wagwira cholembera ndine mwana wanu wachisamba, uja munkati pakamwa pake mmisiri anaiwala kuikapo chitseko. Amayi ndi mng'ono wanga, amene inu simunamutchulepo dzina lina koma Mzime, andiuza kuti lero ndisatseke.

Zaka makumi awiri ndi zisanu munakhala pawindo lopereka mankhwala kuchipatala, mpaka anthu anaiwala dzina lanu n'kumangoti a Kawiri-Patsiku. Mzere wanu unkafika pakhonde chifukwa simunkangoponya kathumba ka mapiritsi n'kuitana wina. Munkajambulapo dzuwa ndi mwezi, kenako munthu abwereze zimene mwanena, akalakwitsa muyambirenso. Odwala nkhawa munkawachenjeza kuti ena mwa mankhwala awo amachedwa kugwira, asawataye pa sabata yoyamba n'kumati ndi ufa wamba. Wodzapempha mapiritsi ogonetsa opanda kalata ya dokotala ankabwerera chimanjamanja, kaya wavala tayi kaya ndi mnzanu wapaubwana. Munkamuuza kuti thupi limawazolowera, lero limodzi, mwezi wamawa awiri, mapeto ake munthu sagonanso popanda iwo, ndipo akakumana ndi mowa m'mimba ena sadzuka. Ambiri anakutukwanani pawindo paja. Ena mwa omwewo ndi amene ananyamula bokosi lanu.

Mzime atayamba kugwa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, achibale ankangonong'ona kuti mwana ali ndi "vuto lija". Inu munatikhazika patebulo n'kutchula dzina lake mosapsatira: khunyu. Munati ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana, ndipo ali ndi mankhwala. Munatiphunzitsa kumugoneka chammbali, kukankha mipando, kuyang'ana nthawi, ndi kumenya dzanja la aliyense wobwera ndi supuni yoti amuike m'kamwa. Mankhwala oyamba ankamuwodzeretsa m'kalasi, ndipo munabwerera naye kwa dokotala katatu mpaka anapeza omuyanja. Tsiku lina munatenga chidebe chatsopano cha Amayi, n'kuchiboola pansi ndi msomali, n'kuthiramo madzi tonse tikuona. "Mankhwala m'magazi ndi chonchi," munatero. "Akudontha nthawi zonse. Ukaleka kuthira, pansi paonekera." Amayi za chidebecho sanakukhululukirenibe, ngakhale lero amadzalamo maluwa pakhonde.

Ndiye panali wotchi yanu yapamkono ija, yolira ngati kamwanapiye nthawi ya seveni m'mawa ndi seveni madzulo. Inkalira paliponse, m'basi, pamaliro, ngakhale pakati pa pemphero, ndipo inu simunachitepo nayo manyazi. Mutapita, batire inatha, ife tinaiika m'kabati pamodzi ndi magalasi anu. Tinkati Mzime wakula, amadzikumbutsa yekha. Ankadzikumbutsadi, ndipo anatha zaka zonsezi osagwa.

Tsopano imvani zimene zachitika chaka chino, chifukwa sitikubisirani. Mzime anapeza mwamuna, wokonza mafiriji, wofatsa, wa zikhatho zokhakhala. Tsiku la ukwati litadziwika, azakhali, mlongo wanu yemwe uja, anamuitanira Mzime kukhitchini. Anamuuza kuti anachira kalekale, kuti mkwatibwi salowa m'nyumba ndi botolo la mapiritsi m'sutikesi, kuti apongozi akadziwa ukwati wathera pomwepo, ndiponso kuti mankhwalawo adzamuumitsa m'mimba asadzabereke. Ine ndinamva zonse ndili pakhomo. Ine wa pakamwa popanda chitseko ndinakhala chete, poganiza kuti Mzime sangayerekeze, komanso poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chete ameneyo ndimadana naye mpaka lero, Bambo.

Mzime anasiya kumwa Lolemba, osauza munthu. Lachisanu masana anagwa kwa telala, atavala diresi laukwati lodzaza mapini, apongozi ake aakazi ali pampando pomwepo. Telala anathawira panja. Wina anathamangira supuni, ine ndinamumenya dzanja monga munatiphunzitsira. Ndinamugoneka chammbali pakati pa zidutswa za nsalu, koma nditayang'ana pamkono kuti ndiwerenge nthawi, panalibe wotchi. Kugwa kwa tsiku limenelo kunatalika kuposa kulikonse kumene munakuonapo inu, ndipo anagona m'chipatala masiku atatu. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo ife tinaudziwa ukulu wanu tili pabenchi la pawindo lanu lomwe lija, pakuonekera nkhope ina.

Akuchimuna anatumiza mawu akuti ukwati uyambe waima, ati anawagulitsa mphaka m'thumba. Azakhali, m'malo mogwira pakamwa, anati mwaona, ndimanena ine. Mzime anatembenukira kukhoma osafuna kuona munthu, ndipo Amayi anaonda m'sabata imodzi.

Tsiku lachinayi wokonza mafiriji uja anafika pakhomo ndi kabuku kake kolembamo za ntchito, kothimbirira ndi mafuta. Ndinamulandira ndi mawu amene sangasindikizidwe munyuzipepala. Iye anadikira kuti ndimalize, kenako anati chamupweteka si matendawo, koma kuti tinamuyesa munthu wongofuna zosalala. Anatsegula kabukuko n'kufunsa dzina la mankhwala, nthawi yomwera, ndi zoti achite Mzime akadzagwa ali awiri. Amayi anadzuka, anakazula maluwa m'chidebe chija, anathiramo madzi n'kumuonetsa. Mnyamatayo anangogwedeza mutu, nati nayenso firiji yodontha gasi amaidziwa.

Iye ndi Mzime anapita limodzi kwa dokotala, Bambo, ndipo anafunsa za ana maso ndi maso. Dokotala anati kubereka angabereke, koma mankhwala ena sayanjana ndi mwana wam'mimba, choncho akuwasintha mimba isanabwere, akale akutsika pang'onopang'ono, atsopano akukwera. Palibe kudula mwadzidzidzi. Mawu ake anali anu enieni, kungoti iye sakalipa bwino ngati inu.

Azakhali atamva kuti tikulemba izi, anabwera kudzatiletsa, ati zam'nyumba saziyanika pamsewu. Mzime ndi amene anawayankha, mwaulemu wake uja, kuti zam'nyumbazo zinayanikidwa kale kwa telala, ndipo chinaziyanika ndi kubisa. Iye mwini wandilamula kuti liwulo ndililembe lonse, lisafupikitsidwe. Ndiye nali: mwana wanu ali ndi khunyu, amamwa mankhwala kawiri patsiku, ndipo sadzasiyanso chifukwa cha pakamwa pa munthu. Amene mukuwerenga muli ndi wanu wotere kunyumba, musamuchititse manyazi ndi botolo lake. Amene mukuseka, sekani, mano ndi anu.

Ukwati ulipo Loweruka lino. Apongozi aakazi sananenebe ngati abwera. Mpando wawo tauika kutsogolo, akabwera tidzawalandira ndi manja awiri, akapanda kubwera tidzavina ndithu. Diresi ndi lomwe lija, Mzime wakana kusintha. Azakhali tawaitana, ndipo tawapatsa ntchito yogwira tambula ya madzi, chifukwa wotchi yanu taiika batire yatsopano ndipo ili pamkono pa mkamwini wanu. Seveni koloko ikadzakwana idzalira pakati pa holo, woimba adzatsitsa nyimbo, ndipo Mzime adzamwa piritsi lake ataimirira, anthu onse akuona.

Tikukusowani, Bambo. Amayi amayalabe mbali yanu ya bedi. Ine ndimakulirani ndikapsa mtima, kutanthauza kuti pafupifupi tsiku lililonse. Mzime akuti pomulowetsa mu holo sakufuna dzanja la wina aliyense, adzayenda yekha mpaka pamene pali wotchi yanu.

Kukuiwalani ndiye ayi. M'nyumba muno timakukumbukani kawiri patsiku, osadumphitsa.

Ndife akazi anu, ana anu awiri, ndi mkamwini amene simunamuone koma mukanamulola kuima nanu pawindo.