Kompyuta Yodziwa Mfunda

Achimwene okondedwa,

Muli bwanji ku Kitwe kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno ku Chadiza tadzuka bwino, kupatula bondo la atate lomwe likuvutabe.

Vidiyo ya ukwati wa mng'ono wanga Tiyanjane, imene mukuidikira, yafika kuchokera ku Chipata. Waibweretsa ndi wojambula uja, Fakisoni, msuweni wa mkwati. Achimwene, akuchimuna onse alimo, mpaka mbuzi yawo ikumveka kulira bwinobwino. Koma atate atangoimirira n'kunena kuti, "Ana anga," chithunzi chinalumphira kwa apongozi a Tiyanjane akuvina.

Nditamufunsa Fakisoniyo anati, "Asisi, pulogalamu yolowetsera zithunzi m'kompyuta ndi ina, yodulira ndi ina. Ziwirizi sizimvana, ndiye zina zimatayika panjira."

Kundiuza ine zimenezo, ngati ku yunivesite ndinapita kukasesa! Ndinati, "A Fakisoni, panjirapo pali achifwamba odziwa mfunda? Akugwira ife a Phiri tokhatokha, akuchimuna a Banda n'kumadutsa?" Anangoyang'ana nsapato zake. Dziwani kuti m'mawu odulidwawo ndi mmene atate anadzudzula akuchimuna chifukwa chofika dzuwa litapendeka.

Kamera ija munamubwereka ndinu, choncho inu akumverani. Mulembereni msanga abweze kakaseti koyambirira kaja asanajambulirepo ukwati wina, apo ayi mawu a atate atayika ndithu. Mukachedwa musadzandilirire: atate alonjeza kuti mukabwera adzakubwerezerani onse pakamwa, ndipo awonjezera kale gawo lonena za Fakisoni.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Mwatitha