Makolo anapalira kafukufuku wathu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nkhulambe tilipo, koma mayi mwendo ukuwavutabe.

Kafukufuku wa nandolo uja, amene sukulu yathu imachita ndi a ku yunivesite, watha moipa. Anatiuza kuti theka la munda tizipalira, theka linalo tilisiye ndi udzu kuti tidzayerekeze zokolola. Ndinawapempha kuti ayambe afotokozera makolo, koma anati galimoto ikuwadikira.

Loweruka lina makolo anabwera ndi makasu n'kupalira munda wonse. Wapampando wawo anati, "Aphunzitsi, munda wa m'mbali mwa msewu ukhale thengo? Odutsa aziti kuno kulibe anthu?"

Kenaka kuchokera ku yunivesiteko kunabwera Fanuel, yemwe uja ankakopera manotsi anga ku koleji, lero akuti ndi a Dokotala. Anayang'ana mundawo n'kunena pamaso pa ana anga a Fomu 3 kuti, "Vuto lake, bwanawe, unachoka ku koleji tisanafike pa phunziro limeneli." Ana anaseka.

Kafukufuku amusamutsira ku Chiwalo. Zimene Fanuel anandilonjeza, zondilankhulira kwa akuluakulu ake kuti ndikamalize maphunziro, sanazitchulenso, ndipo ine sindinafunse. Fanuel sindingamugwadire.

Choncho sutikesi yopitira ku maphunziro munati mundigulire ija musagule. Mayi muwatumizire mankhwala opaka, ine majombo olimira. Nandoloyo akukula bwino kwabasi, tidzadya tokha.

Mulungu akusungeni m'dziko la enilo.

Ine mng'ono wanu,
Witness