Udzu pa Bedi la Mpiru

Lachinayi, mwezi wa Okutobala

Kwatentha kuyambira m'mamawa, koma ndaweruka mtima uli m'malo.

A Fole, ophunzira zaulimi ku koleji amene akutithandiza pa dimba la sukulu, anatengera ana anga a Sitandade 5 ku mabedi awiri a mpiru. Lina tidaliphimba ndi udzu Lolemba, lina tidalisiya pamtetete, ndipo onse tidawathirira mofanana. Anauza ana kuti apise zala m'dothi. Kunsi kwa udzu kunali chinyontho, kwinaku kuli gwa.

"Madzi apita kuti?" a Fole anafunsa.

Zimenezi ndaziphunzitsa pa bolodi zaka zambiri, ana n'kumangoloweza. Kenaka Joana, mwana wa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, amene chibwerere sanayankhepo funso, ananena m'Chisena kuti dzuwa lawamwa.

Lamulo ndi loti m'kalasi tizilankhula Chichewa ndi Chingerezi basi, choncho anzake anandiyang'ana kuti aone nditani. Ndinati, "Pano ndi pa dimba, si m'kalasi. Wakhoza, Joana. Bwereza amve onse." Anabwereza mokweza.

Poweruka ahedi anandiitana. Akuti oyendera sukulu akubwera sabata yamawa, ndiye udzuwo uchoke chifukwa ukuoneka uve. Ndangoti ndamva, koma sindinauchotse. A Fole akubwerera ku koleji Loweruka, wondithandiza kufotokoza sadzakhalapo. Ndikuganiza zodzapempha oyenderawo kuti apise okha chala, Joana awauze chifukwa chake. Akadzayankha m'Chisena, ndidzaima pambali pake, ngakhale sindikudziwa kuti ahedi adzati chiyani…