Simenti Imene Munaikana

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kaya miyendo ija inasiya kutupa. Ife kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu wolowa m'nyumba madandaulo ali patsogolo. Mkazi wa mchimwene Yohane anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Liuma lake ndi lanu lomwe, akafuna bere sadikira. Mpunga wa kudambo chaka chino wakanika, madzi anabwera mwamphamvu n'kuugonetsa wonse. Amalume a ku Chitala ndiwo atigawirako chimanga, koma mukuwadziwa, thumba lililonse limabwera ndi ulaliki wake. Chidzukulu cha mbuzi yanu yamawanga ija chinaswa tiana tiwiri, kamodzi kanagundidwa ndi njinga ya kabaza.

Tsopano za yunivesite ija. Mukukumbuka mmene inabwerera, ine ndili kamtsikana. Anafika anthu a zingwe ndi zikhomo, akuyeza munda wathu wa chinangwa, amvekere boma likumanga sukulu yaikulu ndipo ana a konkuno ndiwo adzayambe kuphunziramo. Bambo anakalipa mpaka mawu kusasa, inu n'kuwatonthoza kuti, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka." Amayi, mame aja mpaka lero sanakamuke. Anamera mpanda wa njerwa, kenaka nyumba zosanja, kenaka tauni yathunthu. Pamene panali chitsime chathu pali bala yomwera mowa. Pamene tinkayanika usipa pali nyumba zogona ophunzira, eni ake a ku Lilongwe amene sitinawaonepo nkhope. Ife anatikankhira kutsidya kwa msewu wa ku Senga Bay. Mdzukulu wanu Tadala anakhoza bwino mayeso ake omaliza a sekondale, koma dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kukaphunzira kumeneko. Pano amagulitsa zitumbuwa pageti kwa anzake amsinkhu wake, ine n'kumawachapira zovala.

Posachedwapa anachita chikondwerero chokumbukira mmene sukulu yawo inayambira. Anatigawira nsalu zojambulidwa geti lawo, n'kutiitana amayi a m'mudzi kuti tikavine chimtali. Tinavina ndithu, ineyo mpaka kutsogolera nyimbo. Titamaliza, mkulu wina wovala mkanjo anaimirira kufotokoza mbiri. Anati iwo asanabwere, pamalopo panali tchire lokhalokha, mokhala njoka ndi anyani. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali pomwepo, thukuta lili kamukamu, nditavala nsalu yawo. Ndiye kuti inu amene munathyoka msana polima pamenepo munali nyani uti? Nsaluyo pano ndimapukutira mapazi pakhomo.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si chimenecho. Mpanda uja akuukuza, ndipo ukumeza manda athu. Akuti pakhala bwalo la masewera. Alonjeza kuti malemu awasamutsa mwaulemu, m'mabokosi atsopano, koma okhawo amene ali ndi chiliza cha simenti cholembedwa dzina. Enawo akuti palibe umboni woti pagona munthu.

Mukudziwa inu nomwe chimene munandiuza muli gone kuchipatala, mutandigwira dzanja: "Musadzandisenzetse simenti, pamutu panga pano pasenza zokwanira. Mudzangobzala msangu, mbuzi zizidzadya nyemba zake, inenso ndizidzamva kuti kunja kuli moyo." Ndinamvera. Yohane atafuna kumanga chiliza ndinamuletsa, tinakangana mpaka kusiya kulankhulana nyengo yonse yokolola. Msangu uja unakula, wapitirira denga la tchalitchi. Sabata yatha nditapita kukasesa, ndinaupeza utapakidwa penti yofiira, monga amachitira ndi mitengo yoti idulidwe.

Ku ofesi yawo ndapitako mpaka alonda andizolowera. Mtsikana wina wa mawu ofatsa anandiuza kuti popanda chiliza, umenewo ndi mtengo basi. Ndinamuuza kuti amene ali pansi pake ndi mayi anga, ndinawaperekeza ndekha, ndipo mtengowo ndinauthirira ndi ndowa yawo yomwe. Anati pepani amayi, maso ali pafoni. Tsono Bambo, amene ankakana sukuluyi, adzanyamulidwa mwaulemu chifukwa ali ndi chiliza. Inu amene munailandira ndi manja awiri mudzatsala nokha, ana a eni akukuthamangani pamutu. Ndakwiya, Amayi. Ndakwiyira iwo, ndadzikwiyira ndekha, ndipo ndisakubisireni, pang'ono ndakwiyiranso inu.

Loweruka lino ine ndi Yohane tikubwera ndi simenti, mchenga wa kunyanja ndi msomali wolembera dzina lanu. Sanandinene kuti ndinakuuza, wangofunsa kuti tikumane nthawi yanji. Mwina a ku ofesi aja adzati chilizacho n'chachiwisi, tamangira chinyengo. Adzanene, ine ndidzakhala pompo.

Pepani, ndikusenzetsani chimene munachikana. Mupirire pang'ono chabe. Ndikulonjeza kuti tsiku limene adzakugonekeni pafupi ndi Bambo, chilizacho ndidzachiphwanya ndi manja angawa. Nthangala za msangu wanu ndatola kale, zamera m'kachitini kuseri kwa nyumba, ndipo Tadala ndiye akuzithirira.

Ndimakukondani monga kale, ngakhale ndikukulakwirani.

Ndine mwana wanu,
Esinati